Ndikuthamangitsa apongozi kuti ndilowe pa wayifayi

Aphungu,

Ndisanayambe, ndikupempheni kuti dzina langa mulibise, ngakhale ndikudziwa kuti aliyense wa pa Golomoti akawerenga kalatayi andizindikira asanafike pakati. Anyamata a kabaza ndiye andidziwa pa mutu pomwe. Koma mutu wanga waima, ndipo ndilibe wina woti ndimufotokozere osandiseka.

Ndine bambo wa mwana mmodzi, ndipo ndili pa chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Mtakataka. Nyumba imene ndimagona ili pabwalo la apongozi anga aakazi, dimba limene ndimalima ndi lawo, ngakhale mthunzi umene ndimapumulapo Lamlungu ndi wa mtengo umene anabzala iwowo. Ndi mayi wamasiye, wolemekezeka, wosunga mwambo. Chikwatirire mwana wawo Bernadeta, ine ndi iwo sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira, iwo amapatukira uku, ine uku, moni n'kumapatsana chofulatirana. Ndikakhala ndi mawu ndimauza Bernadeta, Bernadeta n'kukawatula. Mpaka chaka chino mwambo umenewu sunandivutepo. Kunena zoona, unkandipulumutsa ku zambiri.

Chaka chino ndinapeza ntchito ya ukalaliki ku bungwe lina la alimi a mpunga, limene ofesi yake ili pa Golomoti, m'mphepete mwenimweni mwa msewu waukulu. Ndikadali pa nthawi yoyesedwa, ndipo kalata yonditsimikizira ntchito ikuyembekezeka kumapeto kwa mwezi uno. Ntchito yanga yonse imadalira intaneti: kutumiza malipoti kulikulu ku Lilongwe, kuyankha ogula mpunga, ndi kulumikiza abwana pa misonkhano ya pa vidiyo. Apongozi nawo amagwira ntchito pomwepo, kungoti kunja kwa mpanda. Amagulitsa thobwa ndi zitumbuwa pansi pa mtengo wa mango umene wayang'anizana ndi zenera langa.

Pamene ndinkayamba ntchito, wayifayi ya pa ofesi inali ngati mjigo wa m'mudzi. Pasiwedi inali imodzi, yolembedwa ndi choko kuseri kwa chitseko, ndipo inali itafika kale mpaka kumsika. Makondakitala a minibasi ankaidziwa, ometa tsitsi ankaidziwa, okazinga tchipisi ankaidziwa. Ife eni ake lipoti limodzi linkatitengera m'mawa wonse kuti lipite. Apongozi nawo ankatungapo. Foni imakhala pamwendo pawo tsiku lonse, kudikira mwana wawo Sitefano, mlamu wanga, amene anapita ku Joni. Poyamba ankaimba kawirikawiri, koma chiyambire dzinja lathali wangoti zii.

Kenako akulikulu anatumiza mayi wina wa zamakompyuta, dzina lake Fainesi, kudzakonza zinthu. Anakhoma bokosi latsopano la wayifayi pakhoma, anafufuta choko chija, n'kutikhazika pansi tonse. Mawu ake ndikuwakumbukira bwino. Anati: "Kuyambira lero palibenso pasiwedi ya gulu. Aliyense ali ndi dzina lake ndi pasiwedi yake. Bokosi ili silidziwa munthu. Limangotenga mawu anu n'kukawatula kwa seva, kompyuta yaikulu ya ku Lilongwe. Seva ikakuvomerani, makina anu ndi bokosili amapangana kiyi wawo wa awiri, watsopano nthawi iliyonse mukalowa. Dzina limodzi lizilowa ndi chipangizo chimodzi pa nthawi imodzi. Wobwereketsa dzina lake, ntchito yamuthera." Abwana athu, a Jafali, anagwedeza mutu mwamphamvu ngati amva zonse. Nane ndinagwedeza.

Madzulo ake Bernadeta anandilandira bwino kuposa masiku onse, madzi osamba ofunda bwino, sopo watsopano, ndiye ndinadziwiratu kuti pali nkhani. "Bambo a Pemphero," anatero, "mayi akuti netiweki yawakana lero." Ndinafotokoza za Fainesi, za seva, za kiyi wa awiri. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Ndiye ndikawauze kuti akamwini awo akana?"

Aphungu, inu mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo kwa munthu wogona pabwalo la eni. M'mawa mwake foni ya apongozi inandipeza itakulungidwa m'kansalu, pambali pake pali zitumbuwa zotentha. Ndinalembamo dzina langa ndi pasiwedi yanga ndi zala zangazi. Foniyo inafunsanso za satifiketi. Popeza mu laputopu yanga anaikamo ndi Fainesi, ndipo ine sindinkadziwa kuti n'chiyani, ndinasankha poti isamafufuze zimenezo. Zitumbuwazo ndinadya.

Chimene sindinaganizire n'chakuti apongozi amalawirira. Pamene ine ndikufika pa ofesi, iwo amakhala atagulitsa kale theka la thobwa, ndipo foni yawo imakhala itapatsana kale moni ndi bokosi lija m'dzina langa. Tsiku lotsatira laputopu yanga inazungulira, inazungulira, kenako inandikana. Mwini dzina ndinali kunja, apongozi ali mkati. Ndinasuzumira pa zenera. Anali phee pansi pa mango, foni ili pamwendo.

Ndinatuluka ndi maganizo oti ndipeze mayi wina woti ndimutume akawapemphe kuti azimitse kaye. Koma nditangoyandikira mpanda, apongozi anandiona. Anakokera mpango kumaso, anasenza dengu, ananyamula chidebe cha thobwa, n'kuwoloka msewu kukaima kutsidya pafupi ndi ogulitsa makala, atandifulatira mwaulemu wonse. Ndinachita manyazi, ndinabwerera mu ofesi. Nditakhala pampando kanthawi, ndinangoona laputopu yalowa yokha. Kutsidya kwa msewu netiweki yathu sifika. Apa mpamene Satana anandilowa.

Musandiweruze msanga, njira zabwino ndinayesa. Ndinapempha Bernadeta kuti akawauze azizimitsa wayifayi nthawi ya ntchito. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Azimitse? Nanga achimwene akaimba nthawi yomweyo?" Ndinati ndiziwagulira bandulo. Yankho linabwera kudzera mwa Bernadeta yemweyo: akuthokoza kwambiri, koma akamwini asamavutike, bandulo imatha pomwe ya ku ofesi siitha. Ndinayesanso kulawirira kuti ndizifika poyamba ndine. Tinakumana pa siteji. Minibasi yoyamba itaima, panali malo awiri oyandikana, ndipo mukudziwa kuti mkamwini sangapanikizane ndi apongozi pa mpando umodzi. Ndinabwerera m'mbuyo, iwo anakwera, ine ndinatsala ndikudikira ina. Atamva kuti akamwini ayamba kudzuka msanga, anachita manyazi kuti azioneka aulesi, nawonso anawonjezera kulawirira.

Choncho ndinayamba ntchito yachiwiri imene palibe anandilemba. M'mawa uliwonse ndimatsegula laputopu, n'kutuluka, n'kuyenda pang'onopang'ono kulunjika kumpanda, manja kumbuyo ngati woyendera sukulu. Apongozi amasenza katundu, amawoloka. Ine ndimaima pang'ono kuti bokosi liwaiwale, kenako liwiro la mtondo wadooka kubwerera patebulo. Ndikangolowa ine, iwo akabwerera pansi pa mango foni yawo imakanidwa, ndipo ndamva kuti amangoti ndi mitambo.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndisanakulembereni. Koma kuno magetsi amathimathima, ndipo akayaka, bokosi limadzuka litaiwala aliyense, moni n'kuyambiranso. Laputopu yanga ndi yokalamba, batire lake linafa kalekale. Pamene iyo ikutsegula maso, foni ya apongozi imakhala italowa kale. Ndiye ulendo wina wakumpanda. Tsiku lina kunatentha kwambiri ndipo ndinawapeza akusinza. Kuwadzutsa sindikanatha, kuwaitana sindikanatha. Ndinaima pampanda ndikutsokomola, ndikutsokomola, mpaka mayi wina wodutsa anandilangiza kuti chifuwa chotere ndisachilekerere, ndikayezetse kuchipatala.

Anyamata a kabaza amene amaima pageti anayamba kuona. Chifukwa chake sakuchidziwa, koma akuthandiza ndi mtima wonse. Ndikangoonekera pakhomo amakuwa kuti, "Mayi, akamwini atuluka!" apongozi n'kudzambatuka. Ogula nawo anazolowera. Amene wamwa theka la kapu amawoloka nawo limodzi kuti akamalizire kutsidya. A Jafali anandiitana tsiku lina, anatseka chitseko, n'kundifunsa mwachifundo ngati ndili ndi vuto la m'mimba, poti ndimatuluka kawirikawiri ndipo ndimabwerera ndikuthamanga. Ndinavomera. M'mawa mwake anandibweretsera makungwa a mtengo wina wa kuphiri la ku Mua, oti ndiziwiritsa. Ndi owawa, Aphungu, ndipo amandifunsa tsiku lililonse ngati ndamwa. Masiku ena amafuna ndimwe iwo akuona.

Lachitatu lapitali tinali ndi msonkhano wa pa vidiyo ndi akulikulu pamodzi ndi ogula mpunga, ndipo wofotokoza ndinali ine. Ndili pakati pofotokoza, magetsi anaphethira. Atayaka, mukudziwa kale amene analowa. A Jafali ali, "Talumikizani msanga, anthu akudikira!" Ndinatuluka, ndipo tsiku limenelo sindinayende manja kumbuyo, ndinathamanga. A kabaza sanapeze n'komwe mpata wokuwa. Apongozi atandiona ndikubwera ngati ng'ombe yolusa, anadzidzimuka, analowa mumsewu osayang'ana uku ndi uku. Thiraki ya simenti inaliza hutala, mabuleki kwiii, thobwa lonse linatayikira pamsewu. Iwo anafika kutsidya bwinobwino, kungoti patapata imodzi inatsala pakati pa msewu. Ine ndinabwerera kukamaliza lipoti, ndipo akulikulu anati ndafotokoza bwino kwambiri.

Tsopano zandigwera ziwiri. Madzulo omwewo apongozi anatumiza mawu kwa malume ake a Bernadeta, a Laisoni, amene ndi ankhoswe athu akuchikazi. Akuti apirira mokwanira. Mkamwini akuwalondalonda dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa anthu, ndipo iwo sakudziwa chimene analakwa. M'mudzi nkhani yakula. Ena akuti ndikufuna kuwalanda malo a geni, ena akunena zoti sizingalembedwe m'nyuzipepala. A Laisoni aitanitsa mbali zonse Loweruka likudzali. Bernadeta za pasiwedi akuzidziwa, koma chifukwa cha maulendo akumpanda sakuchidziwa, ndipo wasiya kundiyankhula. Amangoika chakudya n'kutuluka.

Tsiku lotsatira Fainesi anaimba foni. Anati: "Bambo, dzina lanu likulowa ndi kutuluka ngati nkhuku m'khitchini, ndipo likuoneka pa zipangizo ziwiri. Mwina wina wakuberani pasiwedi. Musadandaule, ndibwera Lolemba, timupeza." Anayankhula mokoma mtima, ndipo zimenezo ndi zimene zikundiopsa kwambiri.

Aphungu, ntchito imeneyi ndinaifunafuna zaka zambiri, nsapato zinatha ndikuperekera makalata. Ndikuopa kuitaya. Ndikanena zoona kwa Fainesi, ntchito yatha. Ndikasintha pasiwedi mwakachetechete, apongozi adziwa kuti ndawatsekera Loweruka lisanafike n'komwe. Ndikanena zoona kwa ankhoswe, ndiye kuti ndavomera pagulu kuti ulemu wa apongozi ndinausandutsa swichi. Ndiye ndimati ndifunse. Kodi kiyi amene makinawa amapanganayu sangadulidwe pawiri, wina akhale wa apongozi? Ku Salima kuli odula makiyi aluso, ndipo ndilolera kupita. Kapena ndingovomereza za Fainesi zoti kunabwera wakuba, tiyambe kumufunafuna limodzi? Mnzanga wina akuti ndikhome malata pampanda kuti netiweki isamadutse. Ndithandizeni, makungwa aja andikwana.

I.K., Golomoti.

A I.K.,

Mwati mulibe woti mumufotokozere osakusekani. Pepani, nanenso ndaseka, mpaka anzanga muno mu ofesi anabwera kudzaona ngati ndili bwino. Koma nditafika pa patapata ija ndinasiya kuseka. Tibwererako.

Tiyambe ndi odula makiyi a ku Salima. Ulendo umenewo usiyeni. Ndafunsa odziwa za makinawa, ndipo akuti kiyi ameneyo si chitsulo, komanso sayenda n'komwe mumphepo kuti wina amugwire. Akuti zimayenda motere. Laputopu yanu imauza bokosi kuti ine ndine uje. Bokosi, monga ananenera Fainesi, siliweruza, limangokatula kwa seva. Seva imayamba yadzionetsa kaye ndi satifiketi, ija munaidumpha inu pa foni ya apongozi, kuti laputopu idziwe kuti ikuyankhula ndi eni ake. Laputopu ikakhutira mpamene imanong'oneza pasiwedi yanu m'njira yobisika. Seva nayo ikakhutira, imauza bokosi kuti uyu ndi wathu, n'kulipatsa chinsinsi chimene laputopu yanu ili nachonso. Apo laputopu ndi bokosi zimaponyerana timauthenga tinayi, iyi kupereka nambala yake, ilo kupereka yake, chilichonse n'kudzipangira kiyi kumbali kwake, kenako n'kutsimikizirana kuti makiyiwo afanana popanda kuwatchula. Mukatuluka, kiyiyo amatayidwa. Mukabwera mawa, amapanga wina. Ndiye ku Salima mukadulitsa chiyani?

Mukaonetsetsa, makinawa amasunga mwambo kuposa inu. Sayankhula ndi akuluakulu maso ndi maso, amadzera mwa nkhoswe. Inu ankhoswe munali nawo, a Laisoni, munthu woti tsiku loyamba lomwelo akanakakhala pansi ndi mlongo wawo n'kuwauza kuti netiweki ija ndi ya eni ndipo yatsekedwa kwa aliyense. Nkhani ikanatha ndi kapu imodzi ya thobwa. Koma inu munasankha kuyenda nokha kumpanda, manja kumbuyo.

Za malata, mnzanuyo mumuthokoze ndipo musamufunsenso nzeru. Za wakuba ndiye musayerekeze. Fainesi akabwera Lolemba adzaona kuti chipangizo chachiwiricho chili pafupi, adzatuluka panja, adzayang'ana pansi pa mango. Wakuba amene mudzamupeze awirinu adzakhala mayi ake a mkazi wanu, ali ndi dengu la zitumbuwa. Mwawathamangitsa kale, tsopano mukufuna muwatche mbava pamaso pa a kabaza?

Chitani izi, ndipo muyambe lero, pajatu zengerezu adalinda kwawukwawu. Woyamba kumva akhale Bernadeta. Mkazi wanu pakali pano akuganiza kuti mwina mwapenga, mwina mumadana ndi mayi ake. Choonadi n'chochititsa manyazi, koma n'chopepuka kuposa zimenezo. Adzakwiya, mulekeni akwiye. Naye ali ndi gawo lake, poti funso lake lija ndi limene linakulungitsa foni m'kansalu, ndiye katunduyu mumusenze awiri. Iye ndi amene akauze mayi ake kuti netiweki ya ku ofesi yatha, iwo asanaone okha.

Mukatero muimbireni Fainesi, Lolemba lisanafike. Muuzeni zonse monga mwandiuzira ine, ndi za satifiketi zomwe. Kenako mugogode pa chitseko cha a Jafali, muwauze kuti m'mimba mwanu munali bwinobwino, ndipo muwabwezere makungwa awo otsala. Sindikulonjezani kuti ntchito ipulumuka. Lamulo munalimva, ndipo munagwedeza mutu. Koma bwana amene wauzidwa ndi mwini wake amakhala ndi mpata wochita chifundo, pomwe amene wagwira yekha alibe. Munthu amene anakwera phiri kukakusenderani makungwa si wouma mtima. Mwakhala mukufuna kukondweretsa ofesi ndi apongozi ndi dzina limodzi, ndipo taonani, onse awiri akuitanani. Mapanga awiri avumbwitsa.

Pasiwedi isinthidwe tsiku lomwelo, ndipo dzina lanu lichotsedwe mu foni ya apongozi. Pali chifukwa china chimene inu simukuchidziwa. Pamene munauza foniyo kuti isamafufuze satifiketi, munaiphunzitsa kukhulupirira aliyense. Munthu wochenjera akhoza kuyatsa kabokosi kake pamsika, n'kukatcha dzina la netiweki ya ofesi yanu. Foni ya apongozi, posafunsa kuti kodi ndinu eni ake, idzapereka moni ndi chinsinsi chanu kwa mlendoyo, iwo akusankha tomato. Wakuba amene mukufuna kumupekayu akhoza kubwera weniweni, ndipo iye sadzawoloka msewu akakuonani.

Pomwepo mufunseni Fainesi ngati bungwe lingatsegule netiweki ya alendo, yosiyana ndi ya ntchito, yosafika ku zinthu za ofesi. Akuti bokosi lomwelo limatha kutero, ndipo maofesi ambiri ali nayo. Akakana, musalimbane naye, gulani bandulo muike mu foni ya apongozi ndipo musafunsenso chilolezo. Mawu aja akuti akamwini asamavutike ndi ulemu chabe. Mwakhala pa chikamwini nthawi yonseyi osadziwa kuti mayi akakana mphatso koyamba mumaperekabe?

Loweruka mupite ndi ankhoswe akwanu, tambala m'khwapa, ndi patapata zatsopano. Mukakhale pamene mkamwini amakhala, maso pansi, mawu anu adzere mwa ankhoswe. Musakayambe za seva ndi timauthenga tinayi, a Laisoni sanaitanitse sukulu. Mukanene mwachidule kuti munapereka chinthu cha eni chifukwa choopa kukana, ndipo mutasowa chochita munayamba kukankha apongozi ndi ulemu wawo womwe. Anthu adzaseka. A kabaza adzakupatsani dzina limene mudzakalamba nalo. Zimenezo n'zopiririka, ndipo n'zabwino kuposa zija mwati sizingalembedwe m'nyuzipepala.

Tsopano apa sindikuseka. M'kalata yanu mwadandaula za laputopu yokalamba, za makungwa, za kalata ya kumapeto kwa mwezi. Za Sitefano mwangodutsapo. Mayi aja sakufuna netiweki, akufuna mwana wawo. Taganizani: nthawi iliyonse imene inu mwapambana mpikisano wanu, iwo amabwerera pansi pa mango n'kukhala ndi foni yakufa pamwendo, akuimba mlandu mitambo. Ngati Sitefano anaimbapo masiku amenewo, palibe anayankha. Wodziwa intaneti m'banjamo ndinu. Funsani anthu akwanu amene ali ku Joni, lowani m'magulu a pa Watsapu a anyamata a ku Dedza amene ali kumeneko, mupeze amene anamuona komaliza. Loweruka mukafike ndi kena kake ka Sitefano, kaya ndi nambala chabe ya munthu amene amagona naye nyumba imodzi. Kameneko kadzaposa tambala.

Chenjezo langa ndi ili. Kuyambira mawa, magetsi athime, ayake, lipoti lichedwe, a Jafali akuwe, inu khalani pampando wanu. Maulendo onse aja mayi wamkulu ankawoloka msewu wa mathiraki, dengu pamutu, chidebe m'manja, chifukwa chokulemekezani inu. Lachitatu msewu unatenga patapata. Musaupatsenso mpata wosankha china.

Aphungu.